Chingwe sichinaduke ayi, inamasuka ndi mfundo yanu

Ana anga, khalani pansi pang'ono mundimvere, chifukwa zimene ndikuona m'misewu ndi m'makomo masiku ano zikundisowetsa mtendere. Munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake, wodziwa kuyendetsa galimoto, akapatsidwa chingwe kuti amange katundu amangopiringiza. Amanga mfundo, pamwamba pake ina, kenako inanso, mpaka pamatuluka chibulunga chonga chibakera. Akatero amamenyapo ndi dzanja n'kunena kuti, "Apa ndiye sipangamasuke." Mwadziwa bwanji kuti sipangamasuke? Anakuphunzitsani ndani?

Tsiku lina ndinali pambuyo pa galimoto yaing'ono imene inanyamula matabwa. Msewu unali wa maenje. Ndinaona chingwe chikuyamba kuvina, thabwa lapamwamba likusendera chakumbuyo pang'onopang'ono. Ndinaliza hutala, koma woyendetsa sanamve. Thabwa lija linatsetsereka, linagunda pansi ndi nsonga, n'kudumpha, n'kukagwa pafupi kwambiri ndi mayi wina amene anali pa njinga atakweza mwana kumbuyo. Tonse tinaima. Mnyamata woyendetsayo anatuluka pakamwa pali mawu kale: "Chingwe chaduka, achikulire. Zingwe za masiku ano n'zachabechabe." Ndinawerama n'kuchitola. Sichinaduke. Nsonga zake zonse zinali bwinobwino, zowotcha ngati mmene anazigulira. Zinali zingwe ziwiri, china chonenepa ngati chala chamanthu, china chowonda choterera cha pulasitiki, ndipo iye anazilumikiza ndi mfundo ija tonse tinaphunzira tili ana, imene amalinyero amaitcha reef knot.

Mfundo imeneyi payokha ilibe mlandu. Mumadutsitsa nsonga yakumanja pamwamba pa yakumanzere, kenako yakumanzere pamwamba pa yakumanja, ndipo imakhala yaphwatalala, yooneka bwino. Ndi yabwino pomanga bandeji, phukusi, kapena zingwe za nsapato, malo amene mfundoyo yagona pa chinthu ndipo palibe chikuikoka mwamphamvu. Amalinyero akale ankamangira matanga a zombo akawapinda mphepo ikakula, ndipo ankaikonda chifukwa ukakoka nsonga imodzi molimba, mfundo yonse imatembenuka n'kusololoka mosavuta, ngakhale ndi dzanja limodzi. Tsono taganizani. Chimene chinkathandiza malinyero pamwamba pa mlongoti ndi chomwecho chimene chimachitika chokha pa galimoto yogwedezeka: nsonga ikakodwa pena pake, kapena zingwe zikakhala zosiyana kukula, mfundo imatembenuka n'kumasuka popanda woikhudza. Clifford Ashley, munthu wa ku America amene anayendapo pa chombo chosaka anangumi ndipo mu 1944 anatulutsa buku lofotokoza mfundo zoposa 3,800, anachenjeza kuti mwina anthu amene afa chifukwa cholumikiza zingwe ziwiri ndi reef knot ndi ambiri kuposa amene afa ndi mfundo zina zisanu ndi imodzi kuziphatikiza pamodzi. Papita zaka zoposa 80 chilembereni zimenezo, koma inu mukadali pomwepo.

Ndipo ambiri a inu ngakhale reef knot yeniyeniyo simuimanga. Mumadutsitsa dzanja lomwelo pamwamba kawiri konse, n'kutuluka mfundo yopotoka imene nsonga zake zimaloza cham'mbali m'malo mogona motsatana ndi chingwe. Imeneyo ili ndi mavuto awiri: ikagwedezeka imasololoka, ikathina imakana kumasuka mpaka mutenge mpeni. Yang'anani nsapato zanu panopa. Ngati timphete ta chingwecho taima choloza kuchala ndi kuchidendene m'malo mopingasa phazi, dziwani chifukwa chake mumawerama kangapo patsiku.

Polumikiza zingwe ziwiri, makamaka zosiyana kukula, pali mfundo yake: sheet bend. Pindani nsonga ya chingwe chonenepacho kuti ibwerere ngati mbedza, muigwire ndi dzanja lamanzere. Chowondacho chilowe m'kati mwa mpindowo kuchokera pansi, chizungulire kumbuyo kwa miyendo yonse iwiri ya chonenepacho, kenako nsonga yake ipite pansi pa chowonda chomwecho, osabwerera m'dzenje muja chinatulukira. Nsonga zazifupi zonse ziwiri zikhale mbali imodzi. Chingwe chikakhala choterera, zungulizani kawiri musanalowetse. Zimatenga nthawi yochepa kuposa chibulunga chanu chija, ndipo mukamakoka m'pamene chowondacho chimadzipana chokha.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa kwambiri, nkhani ya ziweto. Ndaonapo mbuzi itafa pa chikhomo, lilime lili panja, udzu ili nawo pompo. Mwana anaimanga m'khosi ndi mfundo yothamanga, ija imathina ikakokedwa, yofanana ndi ya khwekhwe. Mbuzi inadzidzimuka ndi galu, inakoka, chingwe chinathina, ndipo mmene inkalimbana kuti ipume m'mene chinkathinirathinira. Mwanayo anamenyedwa, koma ine ndimati mlandu unali wa bambo ake amene sanakhale naye pansi ngakhale tsiku limodzi kumusonyeza. Chamoyo chilichonse, kaya ndi mbuzi, galu, ng'ombe, kaya munthu amene mukumutulutsa m'chitsime kapena m'madzi, chimafuna mphete imene sisintha kukula kwake. Mfundo yake ndi bowline.

Pangani kadiso kakang'ono pa chingwe, mbali yopita kunsonga ikhale pamwamba. Nsonga ituluke m'kadisomo kuchokera pansi, izungulire kumbuyo kwa chingwe chachitalicho, ibwerere kulowa m'kadiso momwemo. Kokani. Mphete imene yapangika imakhala choncho kaya pakokedwe bwanji, ndipo ntchito ikatha mumangokankha kakhosi kake ndi chala n'kumasuka, ngakhale inali itanyamula katundu wolemera. Koma musandimve theka. Bowline nayo ili ndi chofooka chake: ikakhala yosakokedwa n'kumangogwedezeka, makamaka pa chingwe chouma gwa kapena choterera, imatha kumasuka yokha. N'chifukwa chake mumasiya mchira wautali, wosachepera kunenepa kwa chingwecho kuchulukitsa ka 10, ndipo ngati pali moyo mumamangiriranso mchirawo ku mphete ndi kamfundo kena. Anthu okwera mapiri ambiri amasankha figure-eight, mfundo yooneka ngati nambala 8, pomanga chingwe m'chiuno mwawo chifukwa ndi yosavuta kuiyang'ana: mnzako akangoiona amadziwa ngati yalakwika. Ndipo iwo amagwiritsa zingwe zopangidwira ntchito imeneyo, zoyesedwa, zotamuka pang'ono munthu akagwa. Inu amene mumakwera padenga kapena mumtengo mutadzimanga ndi chingwe choyanikira zovala, lekani lero lomwe.

Pomanga chingwe ku mtengo kapena ku chitsulo, achinyamata amene anaphunzirako pang'ono amathamangira clove hitch, mfundo ya timphete tiwiri topingasana, chifukwa imamangika msanga. Ndi yabwino poyambira kulukira mitengo iwiri pamodzi kapena pogwiriza kanthu kwakanthawi. Koma pa chitsulo chosalala, kapena chinthu chimene chimatembenuka, imayenda. Musaisiyire bwato usiku wonse. M'malo mwake zungulizani chingwe kawiri kathunthu pa mtengowo, kenako mumange timfundo tiwiri totsatizana pa chingwe chachitalicho. Kuzunguliza kawiri kuja n'kumene kumasenza kulemera, timfundoto timangotseka, ndipo mutha kumasula ngakhale chingwe chili chokokeka, chinthu chimene bowline singalole.

Za katundu wa pa galimoto, pa ngolo kapena pa njinga, vuto lenileni ndi lakuti manja a munthu paokha sangakoke chingwe mpaka kulimba mokwanira. Mumakoka, mukamati mumange mfundo chabwerera kale. Oyendetsa malole akale anali ndi njira yawo, trucker's hitch. Mangani nsonga imodzi mbali ina ya galimoto, ponyani chingwe pamwamba pa katundu, ndipo mbali inayo mupange kamphete pakati pa chingwe, chapamwamba ndithu. Nsonga idutse pa mbedza ya galimoto, ikwere kukalowa m'kamphete kaja, kenako muikokere pansi. Pa masamu mphamvu yanu imachuluka katatu, ngakhale kukhulana kwa chingwe kumadyako gawo lina. Chikalira ngati nsambo, tsinani pamene chadutsa m'kamphete kuti chisabwerere, mutseke ndi timfundo tiwiri. Mukayenda makilomita ochepa imani, tsikani, mugwire chingwe ndi dzanja. Katundu amakhazikika galimoto ikagwedezeka, ndipo chingwe chimene chinali cholimba ponyamuka chimakhala chitalekerera. Kutsika kumeneko n'kumene ambiri a inu mumakuona ngati kutaya nthawi.

Palinso china chimene simuchidziwa inu okonda kuunjika mfundo. Mfundo iliyonse imafooketsa chingwe. Pamene chingwe chapindika mwamphamvu, ulusi wakunja kwa mpindowo umasenza katundu wambiri pamene wam'kati wangofinyika, ndipo chikamaduka kawirikawiri chimadukira pompo polowera mfundo. Mfundo zina zimachotsa mphamvu mpaka pafupifupi theka. N'chifukwa chake odziwa ntchito sanyamulira chingwe katundu wofika pa mlingo umene chimadukira. Ambiri amatenga gawo limodzi mwa magawo 5: chingwe cholembedwa kuti chimaduka pa makilogalamu 500 amachipatsa 100 okha, ndipo ponyamula munthu amasiya mpata woposa pamenepo. Katundu akagwa n'kugwidwa ndi chingwe modzidzimutsa, mphamvu imene imafika pa chingwecho imaposa kulemera kwake kangapo.

Chingwe nachonso chimakalamba. Cha pulasitiki chija chimayandama pamadzi, polypropylene, dzuwa limachidya. Mukachipotokola n'kuona chikutuluka fumbi kapena timinga tobaya m'manja, chatha ntchito ngakhale chikuoneka chathunthu. Cha nayiloni chimafooka pang'ono chikanyowa, ndipo asidi wa batire amachiwononga mosaoneka ndi maso, choncho musachiponye pamodzi ndi batire kumbuyo kwa galimoto. Cha khonje chikasungidwa chonyowa chimawola kuyambira m'kati. Musanamange chinthu chofunika, chidutsitseni chonse m'manja mwanu kuyambira nsonga mpaka nsonga. Zala zimamva chotupa, pofewa ndi popyapyala pamene maso sanaone kanthu.

Zinthu ziwiri izi ndikuchita kukupemphani. Musakulunge chingwe padzanja kapena pamkono pamene mbali inayo kuli ng'ombe, bwato kapena katundu wolendewera. Ndili mnyamata ndinatero ndi mwana wa ng'ombe, wamng'ono ndithu, ndipo atadumpha chingwe chinandisenda khungu la zala zitatu ndisanathe n'komwe kuganiza zosiya. Chipsera ndili nacho mpaka lero, ndipo ndikudziwa anthu amene anataya zala zenizenizo. Gwirani chingwe moti mutha kuchitaya nthawi iliyonse. Chachiwiri, pamene galimoto ikukoka inzake yotitimira, chokani pamzere wa chingwe ndipo muchotse ana onse. Nayiloni imatamuka ngati mphira. Ikaduka, kapena mbedza ikasololoka, imabwerera ndi liwiro loti munthu sangaizinde, ndipo yaphapo amalinyero pa madoko. Koma inu mumaunjikana pompo, mafoni m'manja, kujambula.

Ndikudziwa chimene ena munena: "Zonsezi zili pa intaneti, ndikazifuna ndidzaonera." Tsiku limene mudzaifune mfundo kudzakhala mdima, mvula ikugwa, manja akunjenjemera, wina akukuwa m'dzenje. Pamenepo mutu sukumbuka kanthu, zimakumbuka ndi zala. Safunsa anadya phula, ndipo woonera kamodzi n'kumati wadziwa sasiyana naye kwenikweni. Dulani kachingwe ka mamita awiri, muotche nsonga zake, kazikhala pamene mumakhala madzulo. Tengani mfundo imodzi pa sabata. Imangeni pa mwendo wa mpando, pa mwendo wanu, mutatsinzina, manja atanyowa, kenako muimange mozondoka ngati mmene ingakhalire mukamamanga mnzanu amene wayang'anizana nanu. Mukamaliza iliyonse ikonzeni kuti zingwe zigone bwino osapingasana pachabe, muikoke mbali zonse isanalandire katundu, chifukwa mfundo yolondola koma yosakokedwa bwino imatembenuka ngati yolakwika. Zisanu zokha, sheet bend, bowline, yozunguliza kawiri ija, trucker's hitch ndi reef knot pamalo pake, zikukwanirani pa ntchito zambiri za moyo wanu. Mukazidziwa muitane mwana wanu, wamkazi ndi wamwamuna yemwe, mumuike chingwe m'manja.

Mnyamata wa matabwa uja sindinamulole kunyamuka. Ndinamusonyeza nsonga ziwiri zija kuti aone yekha kuti palibe chinaduka, ndipo anangoti chete. Pambali pa msewu pomwepo ndinamumangitsa sheet bend kanayi, kawiri koyamba analakwitsa pobwezera nsonga m'dzenje, kachitatu inagwira. Tinatsitsa matabwa onse n'kuwamanganso, ndipo atakoka trucker's hitch koyamba n'kumva chingwe chikulira, anandiyang'ana n'kufunsa chifukwa chake palibe anamuuzapo zimenezi. Pamene tinkatembenuka kuti akapepese kwa mayi uja, tinapeza atapita kale. Tinawaonera chapatali akuyenda wapansi m'mphepete mwa msewu, dzanja lina likukankha njinga, lina litagwira mwana.