Musagule lupanga ndi maso

Ndakhala ndikudziletsa kulemba nkhaniyi kuyambira pa Khrisimasi, kuopa kuti mphwanga aziona ngati ndikumuyalutsa pagulu. Dzulo ndamuimbira, ndipo mwini wake wati, "Lembani achimwene, bola ena asataye ndalama ngati mmene ndidatayira ine."

Mphwangayu amagwira ntchito ku Johannesburg. Chiyambire ali mwana ndi wokonda nkhani za asilikali, ndipo sindimudabwa, chifukwa agogo athu aamuna adamenya nawo nkhondo ku Burma ali mu King's African Rifles, ndiye tonse tidakulira pa nkhani zawo za madzulo. Pobwera kutchuthi kwathu kuno ku Santhe adanyamula lupanga lokulunga m'bulangete. Adaligula pa intaneti, ndalama zake zoti kuno ukadagula matumba awiri a feteleza. Wogulitsa adalemba kuti nlofanana ndendende ndi la asilikali a pa akavalo a ku Britain la 1796, lija lokhota, limene adalikonza John Le Marchant. Kukongola kokha musanene. Linkaphanima ngati galasi, munthu nkumadziona nkhope. Amayi adalitembenuza kawiri, nkungoti, "Chikomekome cha mkuyu," osamaliza mwambiwo, nkubwerera kukhitchini.

Masana a tsikulo anyamata adadzadza pabwalo. Adayamba ndi thunthu la nthochi, lupanga lidalowa mpaka pakati. Atatero adapita pa nthambi ya malaina, yonenepa ngati mkono wa mwana. Kutema koyamba, kukamwa kwa lupanga kudapindika ngati chitini cha mafuta. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu mphwanga adangotsala ndi chigwiriro m'manja, chitsulo chonse chitauluka nkukagwa pafupi ndi pamene mwana wa mlongo wathu ankatsuka mbale. Padangotsala mapazi atatu kapena anayi. Palibe adaseka. Mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe, ndipo nchifukwa chake sindikutha kukhala chete.

Titamasula chigwiriro tidaona chimene chidachitika. Lupanga lenileni, monga khasu kapena mpeni wabwino, limakhala ndi msuka wochokera m'chitsulo chomwecho, wotakata, wolowa m'chigwiriro mpaka kumapeto. Ili ayi. Adangotenga kawaya konenepa ngati bolopeni, nkukawotcherera ndi kadontho kamodzi, kumapeto nkudula mazinga, nkumanga ndi nati. Pamene padali kadontho kaja ndi pamene padathyokera.

Tsiku la msika tidapita nalo kwa madala ena osula amene akhala akukonza makasu ndi nkhwangwa za kwathu kuyambira bambo ali moyo. Chipala chawo nchaching'ono: denga la udzu, mvukuto wopukusa ndi gudumu la njinga, kachidutswa ka njanji kosulirapo, ndi chigubu cha oyilo wakuda chodula pakati. Sadafunse mtengo, sadafunse dziko lochokera. Adangotenga tupa nkukhudza kukamwa kwa lupanga lija. Tupa lidadya chitsulo ngati likudya sopo, tizinyenyeswa tikugwera pa bondo lawo. Kenako adatola chikwanje chimene adasula okha kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, nkuchita chimodzimodzi. Apa tupa linkagwira movutikira, likulira mokweza, kwinaku likutsetsereka.

"Mwamva kusiyana kwake, ana anga?" adatero. "Ichi chanuchi sichidaone moto. Adangochidula nkuchipukuta."

Mphwanga adatulutsa foni kuti awaonetse zimene wogulitsa adalemba, zoti ndi stainless steel ya mtundu wa 440, yosachita dzimbiri. Madala aja adangogwedeza mutu nkuti chitsulo chosachita dzimbiri nchabwino pa sipuni ndi mapoto.

Pamenepa ndi pamene pali maganizo anga, ndipo ndikudziwa kuti ena anditsutsa. Tazolowera kugula chitsulo ndi maso. Tikaona chonyezimira timati nchapamwamba, tikaona chakuda cha m'chipala timati nchachimidzi. Koma kunyezimira kwa stainless kumachokera ku chromium, mtundu wina wa chitsulo umene amathiramo wambiri, mu stainless ya mtundu wa 420 amapitirira 12 peresenti, mu 440 amafika 16 mpaka 18. Pa mpeni wa kukhitchini palibe vuto, nkaufupi, sukalimbana ndi mtengo. Pa chitsulo chotalika masentimita oposa 80 nkhani imasintha. Ukachiumitsa kwambiri chimathyoka ngati botolo, ukachisiya chofewa chimapindika. Opanga malupanga otchipa amadziwa zimenezi, ndiye ambiri amangochisiya chofewa, poti akudziwa kuti ogula ambiri akangolipachika pakhoma. Kukhala ndi lupanga la pakhoma si tchimo. Tchimo ndi kuligulitsa ngati loti munthu angatemere.

Malupanga otsanzira amene angapirire ntchito amapangidwa ndi chitsulo cha kaboni, chimene chimachita dzimbiri ukachinyalanyaza. Muona manambala monga 1045, 1060, 1075 kapena 1095. Manambala awiri omalizawo akunena kuchuluka kwa kaboni: 1045 ndi pafupifupi 0.45 peresenti, 1095 ndi pafupifupi 0.95. Kaboni akachuluka chitsulo chimatha kuuma kwambiri ndi kusunga kuthwa nthawi yaitali, koma chimasanduka chosachedwa kubenthuka. Palinso 5160, chitsulo cha masipuling'i a galimoto ambiri, cha kaboni wa pafupifupi 0.6 peresenti ndi chromium wochepa chabe, wosafika 1 peresenti. Chimenechi chimapindika nkubwerera. Osula a ku Nepal amasulira mipeni yawo ya kukri kuchokera ku masipuling'i otha ntchito, ndipo madala athu a ku Santhe amachita zomwezo osadziwa nambala iliyonse.

Komabe nambala payokha sinena zonse, ndipo ogulitsa amatiputsitsa pomwepa. Chitsulo cha 1095 chimene sichidapsye bwino chimagonja kwa 1060 imene yadutsa m'manja mwa munthu wodziwa moto. Ndidaona ndi maso anga tsiku lomwelo, chifukwa mphwanga, mtima ukumuwawa, adapempha kuti amusulire chikwanje iye akuona.

Kusula kwenikweni kudatenga nthawi, koma chimene chidandigwira mtima ndi chakumapeto. Madala aja adadikira mpaka dzuwa litapendeka, akuti masana maso amanama, sungaone mtundu weniweni wa chitsulo. Adachiika pa makala, mnyamata akupukusa mvukuto pang'onopang'ono, iwo akuchiyendetsa uku ndi uku kuti chifiire mofanana kuyambira kunsonga mpaka ku msuka. Pakanthawi ankachitulutsa nkuchikhudza ndi maginito ya sipika yakale yomangirira ku waya. Maginito itasiya kugwira adachibweza pamoto kamphindi kochepa, nkuchiviika m'oyilo, kukamwa kuli pansi. Utsi udati tolo, malawi nkuyaka pamwamba pa oyilo. Zimene iwo amayeza ndi maginito zili m'mabuku a sayansi: chitsulo chimasiya kukoka maginito pa madigiri pafupifupi 770, ndipo poviika chimafunika chipitirire pang'ono pamenepo.

Chitazizira adapereka tupa kwa mphwanga. Lidangotsetsereka, osadya nkomwe. Iye adasangalala, akuti basi chatheka. Madala adati, "Ukachitenga chonchi, mawa ubwera nacho chili zidutswa ziwiri." Adachipala ndi mwala mpaka kuyera, nkuchiika pamwamba pa makala ozilala, msana uli pansi. Tonse tidaweramira. Mtundu udayamba kuyenda kuchokera kumsana, poyamba ngati udzu wouma wa mu Ogasiti, kenako wofiirira, kenako wonga khosi la nkhunda, kenako wobiriwira ngati mtambo. Msana utafika pa mtundu wa mtambowo, kukamwa kuli pakati pa udzu ndi kufiirira, adachichotsa msanga nkuchiziziritsa. Mtundu wa udzu umabwera pa madigiri oposa pang'ono 200, wa mtambo pafupifupi 300. Kubweza kumeneku kumachotsako kuuma pang'ono kuti chitsulo chipeze mtima wopirira.

Ndiye wina akandifunsa kuti lupanga labwino ndi liti, louma kwambiri kodi, ndimayankha kuti ayi. Pa muyezo wa Rockwell woyezera kuuma kwa chitsulo, umene amalemba HRC, mipeni yabwino ya kukhitchini imakhala cha m'ma 56 mpaka 62, pamene malupanga otsanzira a ku Ulaya opangidwa bwino amakhala cha m'ma 50 mpaka 55. Amachita dala. Lupanga lobuntha umalinola madzulo amodzi, koma lothyoka latha, ndipo pothyokapo likhoza kupweteka munthu. Kukamwa kukamapindika ndiye kuti chitsulo nchofewa kapena mwachinola mopyapyala kwambiri. Kukamabenthuka ndiye kuti nchouma mopyola. Chabwino chimangobuntha pang'onopang'ono, ndipo mwala wonolera umachibwezeretsa.

Vutoli si la lero, ndipo si la zotsanzira zokha. Pa nkhondo ya ku Abu Klea ku Sudan mu Januwale 1885, asilikali a Britain adadandaula kuti mabeneti, mipeni ija yosomeka kunsonga kwa mfuti, ndi malupanga ena ankapindika nkhondo ili mkati, ndipo nkhaniyo idavuta kwambiri kwawo. Kampani ya Wilkinson ya ku London, imene idasiya kupanga malupanga mu 2005, idatchuka chifukwa kuyambira mu 1844 inkayesa malupanga ake pa makina owapinda ndi kuwamenyetsa asanagulitsidwe. Pa malupanga a akuluakulu a asilikali a nthawi imeneyo mumapeza kachizindikiro kozungulira ka mkuwa pafupi ndi chigwiriro, kolembedwa kuti Proved, kutanthauza kuti layesedwa. Chimene chidandikwiyitsa nchakuti lupanga la mphwanga lidali nako kachizindikiro kameneka, kongomata ndi guluu. Lupanga la 1796 silingakhale ndi chizindikiro chimene chidayamba patadutsa zaka zoposa 40. Adakopera chizindikiro cha mayeso, mayesowo nkuwasiya.

Palinso china chimene otsanzira ambiri amalephera ngakhale chitsulo chili chabwino. Lupanga lenileni la 1796 limakhala lochindikala pafupi ndi dzanja, nkumapyapyala mpaka kunsonga, nchifukwa chake limapepuka poliyendetsa. La mphwanga lidali lofanana kuchindikala kuyambira uku mpaka uko, ngati lodulidwa ku chitseko chachitsulo. Nkhwangwa yosasulidwa bwino mumaidziwa ndi kutopa kwa mkono, apanso nchimodzimodzi.

Ndipo kusunga kuthwa sikudalira chitsulo chokha. Louis Nolan, msilikali wa pa akavalo wa Britain amene adafera pa nkhondo ya ku Balaclava mu 1854, adalemba mu 1853 za asilikali a ku India amene malupanga awo ankatema modabwitsa. Atawayang'anitsitsa adapeza kuti adali malupanga akale a Angerezi omwe, otayidwa, amene eni ake atsopanowo adawanola bwino nkumawasunga m'zimake zamtengo. Angerezi ankasunga awo m'zimake zachitsulo, ndiye posolola ndi pobwezera paliponse kukamwa kunkakhuzika nkumabuntha. Nditawerenga zimenezi ndidakumbukira bambo, amene sankalola kuti chikwanje chawo chigone pa simenti kapena kuti wina atemere nacho pansi pamene pali miyala. Ankachipaka mafuta nkuchisomeka ku denga la nkhokwe.

Ndisamveke molakwika. Sindikulimbikitsa aliyense kuyenda ndi zida. Tonse tikudziwa misozi imene zikwanje zabweretsa m'dziko muno zikakhala m'manja mwa achifwamba. Ndikunena za anthu okonda mbiri, ofuna kugwira m'manja chinthu chofanana ndi cha makedzana, ndiponso za tonsefe ogula mipeni, zikwanje ndi nkhwangwa. Ngati mukufuna la pakhoma, gulani lotchipa, lipachikeni pamwamba pamene ana sangafike, ndipo musalole aliyense kulizunguza. Ngati mukufuna loti litheke kutema, funsani mtundu wa chitsulo, funsani HRC, pemphani chithunzi cha msuka chigwiriro chitachotsedwa. Wogulitsa akamazemba funso la msuka, musiyeni.

Chimene chimandipweteka koposa nchakuti ife a ku Kasungu sitimayenera kupusitsidwa pa nkhani ya chitsulo. M'nkhalango ya Kasungu National Park mudakali zotsalira za ng'anjo zimene makolo athu ankasungunuliramo miyala nkutulutsa chitsulo cha makasu, nkhwangwa ndi mikondo, kalekale kusanabwere sitolo iliyonse. Nzeru imeneyo sidafe, ili pansi pa madenga a udzu m'misika yathu. Koma madala aja atandiuza mtengo wa chikwanje chija ndidachita manyazi, chifukwa sudafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zimene mphwanga adalipira pa lupanga. Komabe anthu timakanenerera mpaka kuwatsitsa. Mnyamata wopukusa mvukuto uja ndi mdzukulu wawo, ndipo adatiuza poyera kuti akangopeza ya basi akupita ku Joni, za kusulazi sakuonamo tsogolo. Sindingamudzudzule.

Mphwanga adawalipira kuwirikiza kawiri mtengo umene adatchula. Adakana kaye, kenako adalandira ndi manja awiri. Lupanga lothyoka lija mphwanga adalimata nkulipachika pamwamba pa chitseko cha chipinda chake, ndipo amayi adalamula kuti lisatsikenso. Chikwanje adandisiyira ine pobwerera. Ndadulira mitengo yonse ya chigafa cha chaka chino, ya malaina ndi ya bulugamu, ndipo kuchokera mu Januwale ndachinola kawiri.