Galimoto ya mudzi: ine ndati tiyambe ndi ya hayala

Tikamadandaula za mayendedwe kumidzi ya ku Thyolo kuno, sipalephera kutuluka wina wonena kuti tisonkhe ndalama tigule galimoto yathuyathu. Maganizo ndi abwino, koma kugulako ndiye ine ndikukana.

Vuto tonse tikulidziwa. Chigwereni Shire Bus Lines, basi yolowa kumudzi pa nthawi yake tinaiwala. Minibasi zimakonda tala: Limbe, Bvumbwe, Thyolo boma, Luchenza. Ukangopatuka kulowa m'midzi ya ku Masambanjati kapena kutsetserekera ku Sandama, watsala ndi kabaza basi. Anyamata a kabaza sindikuwanyoza, amatipulumutsa. Koma dengu la mapeyala akupsa likamangidwa ndi mphira kumbuyo kwa njinga yamoto, pofika kumsika apansiwo aphwanyika onse. Nanga mayi woyembekezera matenda atamuyamba, atapanikizidwa pakati pa woyendetsa ndi womudikirira, zitunda zonsezi mpaka ku chipatala cha Malamulo? Ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta anakwera, kabazayonso inakhala ya ochepa.

Koma abale anga, galimoto imadya tsiku ndi tsiku. Matayala, mabuleki, inshuwalansi, COF (chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu), malipiro a dalaivala. Njinga za ambulansi zomwe mabungwe anatipatsa zija zili kuti lero? Zambiri zinatsamira kuseri kwa nyumba, matayala ali phwa, chifukwa wogula chubu anasowa. Chubu chabe! Ndiye injini ikagogoda tidzatani? Komanso makiyi akangogona kwa tcheyamani, mawa galimoto ili ku chinkhoswe cha mphwake, nthawi ya kampeni yanyamula ovina.

Ine ndikuti midzi itatu kapena inayi igwirizane ndi munthu amene ali kale ndi galimoto yokhala ndi mapepala onyamulira anthu. Azibwera masiku odziwika, la msika ndi la sikelo, azinyamuka 5 koloko m'mawa kaya yadzaza kaya ayi. Chimene madalaivala amaopa kumudzi n'kubwerera opanda anthu, ndiye gulu lizimutsimikizira ndalama ya ulendo wonse, ikaperewera thumba liwonjezere. Kukonza galimoto ndi zake. Akayamba chibwana timusiye, tipeze wina.

Thumbalo ligwiridwe ndi amayi a banki m'khonde. Bokosi lawo lili ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndalama amawerengera pamaso pa aliyense. Abambo a komiti musakwiye, koma pamenepa amayiwa anatiposa kale. M'thumba lomwelo muzitsala kangachepe ka ulendo wa usiku wina akadwalika.

Za msewu nazo tisazembe. Namondwe Freddy mu 2023 anaononga milatho ndi misewu yambiri, ndipo palibe mwini galimoto angalolere kuthyola masipuling'i chifukwa chotikonda. Maenje ang'onoang'ono tikwirire tokha pa tsiku la chitukuko, za milatho a komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) akazikankhe ku komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) kuti ndalama za thumba la chitukuko la dera la phungu (CDF) zigwire ntchito.