Mayeso a MANEB asatichokere ife akuchigwa

Dzulo pa gulu lathu la WhatsApp achimwene ena, ophunzira bwino ndithu, analemba kuti mayeso a boma ndi achikale, amangosandutsa ana kukhala oloweza. Chitsanzo chawo chinali Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, yomwe inatsegulidwa mu 1981, kumene ana amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Akuti kumeneko ndiye amaphunzitsa kuganiza. Achimwene, nakonso ana amalemba mayeso a Cambridge, ochongedwa ndi anthu osawadziwa n'komwe. Nanga ife a ku Nsanje ndi Chikwawa titayirenji athu?

Ine ndikuyankhula ngati zakhali a mwana. Namondwe wa Freddy atatigwetsera nyumba mu Malichi 2023, mwana wamkazi wa mchimwene wanga anali mu Sitandade 8. Kalasi yake inasanduka kampu, mabanja akugona momwemo, mbaula zili pakhonde. Makope ake tinawayanika pamchenga, tsamba ndi tsamba, tikutsindira ndi timiyala kuti mphepo isaulutse. Inki inali itasungunuka, mwina n'kuwerengeka mizere iwiri yokha. Usiku ankawerenga ndi tochi ya foni yanga, udzudzu ukumuluma, mpaka batire kutha.

Tsiku la mayeso anapatsidwa pepala lomwelo limene analemba mwana wa bwana ku Blantyre. Wochonga sanadziwe kuti kwawo amayankhula Chisena, sanadziwe kuti bambo ake amadula nzimbe ku Nchalo. Anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera. Ndiuzeni, pakanakhala kuti kusankha kumadalira malikisi a m'kalasi kapena kalata ya ahedi, mwana wopanda womuyankhulira ngati ameneyu akanadutsira pati? Tonse tikudziwa mmene zinthu zimayendera pamene pali chibale ndi kenakake ka m'manja.

Kuloweza kulipo, sindikukana. Sitandade 8 yonse imathera m'mapepala a zaka zam'mbuyo, ndipo ana ambiri amamaliza pulayimale asanawerengepo buku lankhani mpaka kumapeto. Zimenezo zimandiwawa. Koma mankhwala ake ndi mabuku, aphunzitsi okwanira ndi makalasi omangidwa pamtunda, osati kuchotsa mayeso. Paja boma linathetsapo JCE, mayeso a Fomu 2, mu 2015, ana n'kumayenda zaka zinayi popanda chowayesa, mpaka anaibwezeretsa mu 2021.

Chimene ndimaopa ine ndi likasa. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa mapepala anatuluka nthawi isanakwane, ana n'kukalembanso mu Januwale 2021. Pepala likamagulitsidwa pa foni, wogula ndi amene ali ndi ndalama, ndipo mwana wa ku Makhanga amene amaoloka madzi pabwato kupita kusukulu ndiye amaberedwa malo ake.

Tikamakangana za maphunziro, tikangane za zimenezo. Mtsikana uja tsopano akuti akufuna unamwino, ndipo makope aja ndinawasunga m'chikwama.