Inu okoleza mbaula ndi foam pa Joni pano, tamverani

Abale anga a pa Joni, makamaka inu achinyamata okhala m'mayadi ndi m'mikhukhu, ndilankhula ndithu ngakhale ena muziti madalawa ayambanso. Nkhani ndi ya foam yoyera ija imabwera mu katoni ya TV, ya fuliji, ya microwave, ndi tizidutswa tija amathira mu ma parcel mukaoda zinthu pa foni. Masiku ano aliyense ndi wooda, njinga zamoto sizikutha pa geti, katundu mwalandira mwasangalala, koma zomwe mukuchita ndi zoyerazo ndi zamanyazi.

Chikundinyansa kwambiri ndi kuotcha. Kuzizira kwa June ndi July tonse tikukudziwa, ndiye munthu akufuna mbaula iyake msanga akunyema foam nkuponya pa makala, ati imagwira moto kuposa pepala. Eya imagwira, nanga si ndi pulasitiki yochokera ku mafuta, polystyrene, pafupifupi 98% yake ndi mpweya chabe. Koma tayiyang'anitsitsani ikamayaka, imafota, imasungunuka nkumadontha moto, utsi wake wakuda bii wa timwaye touluka tomwe timakamatirira pa malata ndi pa zovala za aneba zili pa chingwe. Mu utsi umenewo muli carbon monoxide, mpweya womwe umapha anthu ali mtulo, mulinso styrene, mankhwala opangira pulasitikiyi, yemwe bungwe lofufuza za khansa la IARC la pansi pa WHO linamuika m'gulu la zinthu zoganiziridwa kwambiri kuti zimayambitsa khansa. Ndiye pa moto womwewo mukuotchapo chimanga ndi mapazi a nkhuku ogulitsa anthu, mwana ali kumsana akupuma zomwezo, inu mayi zoona?

Ena ndiye anzeru zopitirira, akukhoma ma foam mkati mwa mkhukhu kuti chisanu chisalowe. Kufunda kumafunda, sindikana, ndi chifukwa chake ma cooler box ena amapangidwa ndi zomwezi. Koma omanga nyumba odziwa ntchito akaika foam amaibisa kuseri kwa pulasitala kapena bolodi, inu mwaisiya pamtunda, apa sitovu ya palafini, apa kandulo wa magetsi akazima, pamwamba mawaya a magetsi olumikiza nokha. Moto ukangoinyambita simupeza ndi nthawi yofufuza pasipoti. Mwaiwala kale za pa 31 August 2023 ku Marshalltown m'tawuni ya Joni, nyumba ya Usindiso ija inapsa nkupha anthu 76, Amalawi anzathu ali momwemo? Sindikuti anayatsa moto uja ndi foam ayi, koma mkati munali timazipinda togawagawa ndi zinthu zosachedwa kugwira moto, ndipo tinalira tonse. Palinso anyamata osungunula foam mu petulo ati akupanga guluu womatira denga lodontha, akutakasa m'chipinda chotseka mnzawo ali pambali ndi ndudu pakamwa. Safunsa anadya phula, ana inu.

Otaya mumsewu nanunso musadziyese abwino. Mumaunjika pa pavement mukuganiza kuti abale okoka ma trolley aja atenga, koma iwo amalipidwa pa kilo, thumba lalikulu la foam kulemera kwake nkosanunkha kanthu, ndiye ambiri amangotenga katoni nkusiya zoyerazo. Mphepo ya August imazimwaza, ikabwera mvula ya mabingu mu October zimayandama nkukatseka ma drain pamodzi ndi mapepala a pulasitiki, madzi nkubwerera m'mayadi mwathu momwe. Zina zimathera mu mtsinje wa Jukskei, amene munadutsako ku Alexandra mvula itagwa mukudziwa mmene mumaonekera m'mbali mwake. Chinthuchi sichiwola ngati pepala, chimangonyenyeka kukhala timibulu, ana okwawa amatola nkuika m'kamwa, ena kukankhira m'mphuno. Komanso tikumbuke kuti tili kwa eni kuno, akutiloza kale zala pa zinthu zomwe sitinachite, ndiye tiziwapatsanso chonena ndi zinyalala pa geti?

Chodabwitsa nchoti anthu omwewa mu December mudzakhala mukuzungulira kufuna chokutira katundu wopita kumudzi. Msewu mukuudziwa, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, katundu ali mu trailer akugundana m'maenje, pa boda atsitse akwezenso, TV ikafika ku Mangochi kapena ku Mzimba galasi litang'aluka mumayamba kutukwana a transporter pomwe foam yake munaotchera chimanga. Sungani katoni ndi foam yake pamwamba pa wadiropu, kutali ndi moto. Zidutswa zing'onozing'ono ikani pakati pa mbale zadothi ndi matambula. Ngati simutumiza kanthu chaka chino patsani mnzanu wotumiza, kapena ma transporter a cha ku Park Station, amazifuna. Koma muwauzenso akumudzi kuti asakakolezere moto wa nsima, asakatayenso pabwalo nkhuku nkumajompha.

Tizidutswa ta mu ma parcel tija si tonse ta pulasitiki. Ponyani kamodzi mu kapu ya madzi, kakasungunuka ndiye kuti nkopangidwa ndi sitalichi, timeneto tilibe vuto lalikulu, bola ana asadye. Kakangoyandama ndi polystyrene.

Yotsala yoti mulibe nayo ntchito, chotsani tepi ndi zomata, ikhale yoyera yopanda mafuta a zakudya, nthawi zambiri mupezapo chizindikiro cha nambala 6 ndi zilembo PS. Kafunseni ku garden site yapafupi nanu, malo otayirako zinyalala a Pikitup, kampani ya khonsolo yotola zinyalala, ngati akulandira. Kuno ku South Africa alipo makampani omwe amaigaya nkupangira mafelemu a zithunzi, ena amasakaniza ndi simenti nkuumba njerwa zopepuka. Zikakanika, lowetsani foam mu thumba lakuda kaye, muzinyemera mkati mwa thumbamo kuti timibulu tisauluke, mangani kukamwa bwinobwino, muike mu bini nkutseka, mutulutse tsiku lomwe galimoto ya zinyalala imadutsa mu msewu wanu.