Kubwera wamoyo si umboni woti unaganiza bwino

Ndakhala chete kuyambira Lamlungu koma zandikwana. Amene muli pa gulu lathu la pa WhatsApp la kuno ku Houston mwachiona kale chithunzi chija: jumbo pa mpando wa galimoto, m'kati muli mabokosi a insulini, mapilisi a BP ndi a shuga, pansi pake mawu oti "Mexico yatheka, zotchipa zedi." Ndiye m'munsimo ndi manja okhaokha. "Ndinu dolo achimwene." "Ulendo wina mutitengeko." "Tipatseni dzina la famase." Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi mwayenda bwanji.

Ine ndinafunsa. Ndinawaimbira foni. Dzina sinditchula, akudzidziwa, ndipo ndawauza kuti ndilemba.

Munthuyu anaweruka shifiti ya usiku 7 koloko m'mawa Loweruka, maola 12 ali chiimire, akutembenuza ndi kusambitsa odwala. Sanagone. Anangofika kunyumba, kusukusula, kukweza apongozi awo, gogo wa zaka za m'ma 70 amene anabwera kudzalera khanda, n'kuuyamba wa ku Nuevo Progreso, katauni ka ku Mexico ka pa boda ndi Texas. Maola pafupifupi 6 kupita, 6 kubwera, dalaivala mmodzi yemweyo. Anaoloka mlatho ndi galimoto poti gogo miyendo imavuta. Anagula zogulazo dzuwa litapendeka, n'kutembenuka tsiku lomwelo, akuti kugona ku hotelo kukanadya phindu lonse. Pobwera, usiku, penapake pa msewu wa 77, anadzidzimuka matayala akulira pa timizere ta m'mphepete mwa msewu tija. Anali atagona. Gogo nawo ali m'tulo pambali. Nkhani imeneyi anandiuza akuseka. Akuseka, abale anga.

Ndiye inu mukuti dolo.

Kubwera wamoyo si umboni woti munthu unaganiza bwino. Ndi umboni woti tsiku limenelo silinali lako, basi. Woledzera akaoloka Shire pa bwato lobooka n'kufika tsidya, sitimuimbira nthungululu, timamukalipira. Koma ife pano tikuombera m'manja, tikupempha malo m'bwato lomwelo.

Inde, mankhwala kuno ndi okwera mtengo mopanda manyazi, mlendo wobwera pa visa alibe inshulansi, tonse tikudziwa, zimenezo ndi za makampani ndi andale awo. Lero sindikukamba zimenezo. Ndikukamba za masamu athu opunduka. Timawerengera mtengo wa botolo, sitiwerengera mtengo wa msewu. Timaona madola amene tapulumutsa pa kauntala, sitiona chimene tinaika pa chikole kuti tikafike pa kauntalapo. Achimwenewa anaika moyo wawo, moyo wa apongozi, ndi tsogolo la khanda limene anasiya kunyumba ndi mayi ake. Zonsezo pa jumbo imodzi.

Ndinawafunsa funso limodzi: kodi mukudziwa kuti Nuevo Progreso ili m'chigawo chanji? Anati Mexico. Ndinati inde Mexico, koma Mexico ndi yayikulu. Ili ku Tamaulipas. Boma la America limaika madera a kunja m'magulu anayi, gulu lachinayi ndi loti musapiteko, ndipo Tamaulipas yakhala m'gulu limenelo zaka ndi zaka chifukwa cha kubedwa kwa anthu ndi magulu a zigawenga. Sanadziwe. Sanafunse. Safunsa anadya phula.

Mwaiwala kale za Marichi 2023? Anthu anayi ochokera ku South Carolina anaoloka pa Brownsville kulowa Matamoros pa galimoto yoyera. Mmodzi wa iwo amapita ku opaleshoni yotchipa yokonza thupi, enawo anangomuperekeza. Masana dzuwa likuswa mtengo anawomberedwa, anakwezedwa pa galimoto ya zigawenga ngati matumba a chimanga, tonse tinaonera pa foni. Awiri anabwerako ali mitembo. Mayi wina wa ku Mexico komweko amene amangodziyendera anafa ndi chipolopolo chosokera. Matamoros ndi Nuevo Progreso ndi chigawo chimodzi, mtsinje umodzi wa Rio Grande, ulendo wa ola limodzi kapena kuchepera apo. Anthu aja anali akuda ngati ife, pa galimoto ya nambala ya ku America ngati yathu. Nawonso ananyamuka kwawo akuwerengera ndalama zimene apulumutse. Tsoka silinunkha.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe, chifukwa achimwenewo anandiyankha kale: azungu okalamba amaoloka pamenepo tsiku lililonse, miyandamiyanda, bwanji iwo sakufa? Zoona, amaoloka. Koma taonani mmene amaolokera. Ambiri amakhala konko m'chigwa cha Rio Grande nyengo yozizira, agona pabedi pawo usiku wonse. Amafika m'mawa. Galimoto amasiya ku mbali ya Texas, amaoloka mlatho wapansi, amazungulira mu msewu waukulu umodzi womwe uja wa mafamase ndi madokotala a mano, ikamakwana nthawi ya nkhomaliro abwerera. M'thumba muli pasipoti ya America imene palibe angawakanize nayo kulowa kwawo. Ku Los Algodones, katauni kena ka ku Mexico kufupi ndi Yuma ya ku Arizona, ndi chimodzimodzi, m'mawa, wapansi, masana abwerera. Inu mwatengako chiyani pamenepo? Mwatengako dzina la tauni lokha. Zina zonse mwachita mosemphana: osagona, madzulo, pa galimoto, ndi nkhalamba yodwala shuga, ndi pasipoti ya Malawi. Ndiye muziti tinachita zimene amachita azungu.

Galimoto imeneyo, ndinafunsa, munagula inshulansi ya ku Mexico? Anati ndili ndi inshulansi yanga. Achimwene, yanu ya ku Texas ija, mukagunda munthu tsidya linalo, apolisi a kumeneko sayiwerengera. Amafuna ya kampani ya kwawo. Mukanakhala mukufotokoza m'Chisipanishi chimene simudziwa, gogo ali pa benchi shuga akutsika. Koma poti sizinachitike, ndiye kuti zinali bwino, eti?

Sizinachitike si kuti sizikanachitika. Ndibwereze kangati?

Tsopano mankhwala enieniwo, amene mukuwaombera m'manjawo. Insulini imafuna kuzizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo ikapsa ndi dzuwa nthawi zambiri siisintha nkhope kuti ikuuzeni. Imangofooka mwakachetechete. Pa chithunzi paja mwaonapo kabokosi ka ayezi? Ine ndaona jumbo pa mpando. Anaima pa malo odyera, galimoto yotseka mawindo, kutentha kwa kum'mwera kwa Texas kumene tonse tikukudziwa. Ndiye gogo azibaya jakisoni wa mankhwala amene mwina anaphikidwa kale, shuga osatsika, ife n'kumati ndi ukalamba. Mwagula zotchipa, inde. Koma mwagula chiyani?

Ndipo amene mukupempha dzina la famase kuti mukagule mapilisi opha ululu ndi ogonetsa, imvani. Mu 2023 akatswiri a ku yunivesite ya UCLA analengeza zimene anapeza atagula mapilisi m'mafamase a m'matauni a alendo kumpoto kwa Mexico n'kuwayeza. Ena ogulitsidwa ngati oxycodone, mankhwala opha ululu, anapezeka ndi fentanyl kapena heroin, ena ogulitsidwa ngati Adderall, mankhwala othandiza kuika maganizo pamodzi, anali methamphetamine, zonsezo zosokoneza bongo zoti zingakuphe. Osati kuseri kwa msika, ayi, m'sitolo ya magalasi, wogulitsa atavala zoyera. Nyuzipepala ya Los Angeles Times inayeza payokha n'kupeza zomwezo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti famase iliyonse ya kumeneko ndi yachinyengo, zilipo zenizeni zambiri ndipo anthu a ku Mexico amachira nazo. Koma inu mlendo wa maola awiri, wosadziwa chilankhulo, wothamangira kubwerera kusanade, mungasiyanitse bwanji? Mumangolowa pamene mnyamata wa pakhomo wakukodolani.

Chimene chandipsetsa mtima kwambiri ndi kamnyamata kena pa gulu pomwepo kamene kanalemba kuti "next trip ndili momo." Tonse tikudziwa kuti mapepala ake anatha kalekale. Tonse. Ndipo palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anakatsina khutu. Mwana iwe, ukakhala kuno mopyola nthawi masiku oposa 180 n'kutuluka, lamulo limakutsekera kunja zaka 3. Ukapyola chaka, zaka 10. Mlatho umene uja kwa iwe ndi wopita kokha. Ndipo usati ndingokhala ku mbali ya Texas ndidikire mu galimoto. Pobwera kuchokera kuchigwa kuli marodibuloko a Border Patrol, ina ku Sarita pa msewu wa 77, ina ku Falfurrias pa 281, mtunda wautali ndithu kuchokera pa boda. Amaimitsa galimoto n'kufunsa aliyense. Si rodibuloko ya pa Zalewa imene umati bwana tangoonani mmene mungatithandizire. Ukagwidwa pamenepo, sukulu yatha, ntchito yatha, amayi ako kumudzi amene amadikira kangachepe pa mwezi aziona. Chifukwa cha chiyani? Kuperekeza jumbo.

Ngakhale gogo amene, visa yawo munaiyang'ana kuti imalola kulowa kangati? Amene ali pa geti ali ndi mphamvu yobweza mlendo aliyense ngakhale visa ili bwino. Poti mu Ogasiti 2025 Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ofuna visa ya mlendo anayamba kuuzidwa zopereka chikole cha madola mpaka 15,000, mukuganiza kuti pasipoti yathu ikuonedwa ndi diso lachifundo pa boda? Akanati gogo salowa, mukanatani? Mukanawasiya pa mlatho? Mukanaimbira akazi anu kuti mayi ako atsala ku Mexico koma insulini ndapeza yotchipa?

Simunaganize. Ndicho chokha ndikunena. Simunaganize, munangopulumuka, ndipo kupulumuka mwakusandutsa nzeru.

Chowawa china n'choti mwina ulendowo sunali wofunika n'komwe. Ndinafunsa kuti musananyamuke munayesa kuti? Anati kulikonse n'kodula. Kulikonse kuti? Anafunsa famase imodzi, anamva mtengo, anatuluka. Anthu ambiri mitu yathu inaima pa mitengo ya kale ija, pamene botolo limodzi limafika madola pafupifupi 300 ndipo Bernie Sanders anakwera basi ndi odwala shuga mu 2019 kuchoka ku Detroit kukagula ku Windsor, Canada. Koma mu 2023 makampani atatu aakulu a insulini, Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi, analengeza zotsitsa mitengo ya mitundu ina ndi 70 peresenti kapena kuposa. Ku Walmart kuli insulini ya mtundu wakale ya madola pafupifupi 25 botolo, ngakhale imeneyo musasinthire nokha dokotala asanakuuzeni, imagwira mosiyana. Metformin wa shuga uja ndi mapilisi ambiri a BP ndi a madola ochepa chabe pa mwezi. Kuli zipatala za m'madera zimene zimalipiritsa molingana ndi zimene munthu amapeza. Pa gulu lathu lomweli muli manesi angati? Theka la gulu ndi anthu a m'chipatala. Mafuta a maola 12, chakudya cha panjira, ndalama ya pa mlatho, shifiti ya Loweruka imene munataya: mukaphatikiza, mwapulumutsa zingati kwenikweni? Ndinawapempha kuti awerengere ndili pa foni. Anasintha nkhani.

Sindikuti munthu asaoloke boda. Amene wayesa zonse zakanika, mapepala ake ali bwino, ali ndi kalata ya dokotala, wagona, wapeza mnzake wosinthana naye chiwongolero, apite m'mawa, asiye galimoto, aoloke wapansi, atenge kabokosi ka ayezi, agule za miyezi itatu zokha m'mabokosi ake otseka, akafika pa geti anene zonse zimene wanyamula. Ameneyo ndimulemekeza. Koma uyu wa Loweruka ayi. Ndipo amene mukuti ndikuchita nsanje chifukwa sanandigulireko, pitirizani. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndi amene ndikanaimbiridwa foni 3 koloko usiku kuti tiyeni mukazindikire anthu anu, osati inu a timanja ta pa WhatsApp.

Ndipotu pamene tafika apa ndinene ndi izi. Mlungu wathawu mlongo wathuyo, mkazi wa achimwenewa, analemba pa gulu lomweli kuti mankhwala a amayi atsala a masiku anayi, alipo angathandize maganizo? Ndabwerera kukayang'ana. Anthu 61 anawerenga. Anayankha awiri, mmodzi anaika manja opemphera. Inenso ndinawerenga ndili kuntchito n'kunena kuti ndiyankha ndikaweruka, sindinayankhe, ndipo zikundiwawa. Koma gulu lomweli, imveke kuti wina watisiya, pofika madzulo komiti yakhazikitsidwa, msungichuma wasankhidwa, mndandanda wa mayina ukuyenda, aliyense madola 100, amene sanapereke akukumbutsidwa poyera. Ndalama zotumizira bokosi ku Chileka kapena ku Lumbadzi timazipeza sabata imodzi. Madola masauzande. Timalemba ndi mawu okoma, timasindikiza ndi malaya a chithunzi cha malemu. Koma madola 50 a insulini ya munthu amene akupuma, aliyense foni yake yathera chaji.

Chaka chatha ndinapempha kuti pa ndalama za pikiniki ya 6 Julaye tipatuleko kathumba ka odwala. Anati tikambirana pa msonkhano wotsatira. Nyama inagulidwa, DJ analipidwa. Msonkhano wotsatirawo mpaka lero.