Chenjezo kwa Eni Galimoto: Lekani Kuboola Fyuluta ndi Kudalira Mankhwala a M'botolo

Ana anga, inu oyendetsa maminibasi, mapikiapu ndi galimoto zochokera ku Japan, ndakalamba ndili pansi pa galimoto sipanala ili m'manja, ndipo zimene mukuchita ndi mafuta masiku ano zikundiwawa mtima. Galimoto ikayamba kutsamwa pokwera Chiweta kapena Khwekhwerere, m'malo mofufuza chimene chatseka njira ya mafuta, mukuthamangira kukagula kabotolo ka mankhwala otsukira injini n'kukhuthulira m'thanki, ngati kuti mankhwalawo angasungunule mchenga ndi dzimbiri.

Mankhwala amenewa ali ndi ntchito yake, sindikukana. Abwinowo amachotsa utomoni wa mafuta umene umamatirira pa manozo (timipopi tofayira mafuta m'injini), ukawathira pa mlingo wolembedwa pa botolo. Koma fumbi, dzimbiri ndi madzi zimagwidwa ndi fyuluta (sefa ya mafuta) basi, ndipo ukathira mankhwala amphamvu m'thanki yakale yodzaza litsiro, amangotakasa nyansizo n'kuzikankhira ku fyuluta yomwe yatopa kale. Za ena amene mukuthira mabuleki fuluwidi, oyilo wa giyabokosi kapena timibulu tophera njenjete m'thanki chifukwa mnzanu wa pa siteji wakuuzani, ndingoti safunsa anadya phula.

Chondikwiyitsa kwambiri ndi ichi. Mnyamata wina anandibweretsera pikiapu ya dizilo ikukana kuliza, ndipo nditamasula fyuluta ndinapeza kuti wina anaiboola ndi msomali kuti mafuta azidutsa. Ndinaidula pakati mwini wake akuona: pepala la m'kati linali lakuda bii, lomata matope ofiira ngati a m'dambo. Mafuta otsala ndinawatsanulira m'botolo loyera, ndipo patangopita kanthawi madzi anadikha pansi, dizilo n'kuyandama pamwamba. Fyulutayo inatsekeka chifukwa inagwira ntchito yake, koma msomali uja unatsegulira nyansi zonse njira yopita ku pampu ndi manozo. Injini za dizilo za makono zimapopa mafuta ndi mphamvu yoposa mabar 1,500 (bar ndi muyeso wa mphamvu yopopera) kudzera m'timabowo tating'onoting'ono ngati tsitsi, choncho kamchenga kosaoneka ndi maso kamakanda zitsulozo mpaka kuziwononga. Ndalama imene mwini pikiapuyo anakana kugulira fyuluta yatsopano anailipira kambirimbiri kwa wokonza manozo. Kuuzira fyuluta yakale ndi pakamwa kapena ndi kompuresa n'kuibwezera ndi kudzinyenga komweko, pakuti pepala lija limang'ambika.

Ndikudziwa kuti mafuta akasowa, mizere ikafika kutali pa malo omwetsera, munthu amakakamizika kugula a m'zigubu kwa mavenda. Dziwani kuti chigubucho mwina dzulo chinatunga madzi, ndipo ena osaopa Mulungu amasakaniza dizilo ndi palafini, amene alibe kuterera kotetezera pampu kuti isadyeke. Kumbukiraninso kuti petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi, kotero petulo wokhalitsa m'chigubu chosatsekedwa bwino amafika m'thanki ali ndi madzi kale.

Lekaninso kuyenda tsiku lonse nyali ya mafuta ikuyaka. Galimoto zambiri za petulo zili ndi pampu m'kati mwa thanki, ndipo chimene chimaiziziritsa ndi mafuta omwewo. Ikamakoka mpweya imatentha n'kufa msanga.

Tsegulani buku la galimoto yanu muone makilomita osinthira fyuluta, ndipo ngati mumayenda m'misewu ya fumbi kapena mwathirapo mafuta a m'zigubu, musadikire kuti makilomitawo akwane. Inu a dizilo, nyali ya madzi ikayaka pa dashibodi, imani pomwepo, mumasule kampopi ka pansi pa fyuluta, madzi atuluke mpaka muone dizilo woyera, kenako mupope mpweya uchoke musanalize injini.