Musamunamizire Helen: zomwe zinachotsa Granville-Barker pa siteji

Anthu okonda mbiri ya zisudzo akafika pa dzina la Harley Granville-Barker, wosewera, mlembi ndi wowongolera zisudzo wa ku Britain, nkhani yawo imathera pamodzimodzi. Amati mnyamata anali ndi luso, koma anakwatira mayi wolemera wa ku America, mayiyo n'kumuzula pa siteji. Ine zimenezi ndimakana. Kuloza chala mkazi n'kosavuta, ngati mmene timachitira kwathu kuno mwamuna akasiya kubwera ku bawo, basi akuti wadyetsedwa khuzumule. Koma tayang'anani zomwe munthuyu anadutsamo asanakumane n'komwe ndi mayiyo, Helen Huntington.

Anabadwira ku London mu 1877, ndipo anayamba kuchita zisudzo ali ndi zaka pafupifupi 14. Mu 1899 wowongolera zisudzo William Poel anamupatsa gawo la mfumu Richard II, chaka chotsatira n'kusewera Marchbanks mu Candida ya George Bernard Shaw. Kuyambira 1904 mpaka 1907, iye ndi J. E. Vedrenne, yemwe ankagwira thumba la ndalama, anayendetsa zisudzo ku Court Theatre. Pa zaka zitatuzo anaonetsa zisudzo maulendo pafupifupi 1,000, ndipo oposa 700 anali masewero a Shaw. Anthu amene ankati Shaw ndi wongolongolola m'nyuzipepala anayamba kumutenga ngati mlembi wa zisudzo chifukwa cha holo imeneyi. Barker ankawongolera anzake, ankalemba, komanso ankasewera yekha: John Tanner mu Man and Superman anali iyeyo. Sewero lake la The Voysey Inheritance, lonena za mwana amene watulukira kuti bambo ake, loya wolemekezeka, akhala akudya ndalama za anthu omwe anawasungitsa, linaonetsedwa komweko mu 1905. Zonsezi asanakwanitse zaka 30.

Tsono nkhani yeniyeni ndi ya 1907.

Chaka chimenecho analemba Waste. Henry Trebell, wandale amene watsala pang'ono kulowa m'gulu la nduna, wachita chibwenzi ndi mkazi wamwini, Amy O'Connell. Mayiyo watenga pathupi, wapita kukachotsa mobisa, n'kumwalira. Akuluakulu a chipani akhala pansi, osati kulira maliro ayi, koma kuwerengera ngati Trebell angawaipitsire mbiri. Amutaya, iye n'kudzipha. Nthawi imeneyo sewero lililonse ku Britain linkayenera kulandira chilolezo ku ofesi ya Lord Chamberlain lisanaonetsedwe kwa anthu olipira pakhomo. Ofesiyo inati achotse zonse zokhudza kuchotsa pathupi. Barker anakana, chilolezo n'kukanizidwa. Seweroli linangoonetsedwa kwa mamembala a kalabu ya zisudzo ya Stage Society, iye mwini akusewera Trebell, ndipo anthu wamba anadzaliona mu 1936, atalilembanso kachiwiri. Zaka 29 zikudutsa! Ambiri amakhulupirira, ndipo ine ndili nawo, kuti chomwe chinawawa akuluakulu si pathupipo ayi. Chinawawa n'kuona andale akuonetsedwa mmene amayankhulira chitseko chikatsekedwa.

Muganizire mnyamata amene wabetcha ndalama ndi mbiri yake pa sewero limodzi, munthu mmodzi muofesi n'kulemba kuti ayi. Iye ndi Vedrenne anali atangosamukira ku Savoy, holo yaikulu ndi yodula, ndipo kumeneko analuza ndalama. Mu 1910 Barker anayesanso ku holo ya Duke of York's ndi ndalama za Charles Frohman, wamalonda a zisudzo wa ku America, kusinthasintha masewero m'malo moonetsa limodzi miyezi yambirimbiri. Zinagwanso. Anthu a ku London ankafuna sewero limodzi lotchuka, ndipo eni maholo ankafuna lendi yawo.

Barker anali ataona kale kuti vuto lagona pa ndalama. Mu 1904 iye ndi William Archer, wounika zisudzo m'nyuzipepala, analemba dongosolo lonse la nyumba ya zisudzo ya dziko, mpaka kuwerengera malipiro a osewera, n'cholinga choti zisudzo zisamadalire matikiti okha. Akuluakulu anayamikira, kenako n'kukhala chete. Nyumba yotereyi, National Theatre, inadzayamba mu 1963 pansi pa katswiri wa zisudzo Laurence Olivier, mwiniwake wa maganizo atagona m'manda zaka 17.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri pa ntchito yake ndi Shakespeare wa ku Savoy, kuyambira 1912 mpaka 1914. Masiku amenewo akatswiri ngati Herbert Beerbohm Tree ankadula mawu a Shakespeare kuti apeze nthawi yosintha zokongoletsa pa siteji. Tree anafika poika akalulu amoyo m'nkhalango ya A Midsummer Night's Dream, akalulu enieni, akudumphadumpha pakati pa miyendo ya osewera. Barker anasesa zonsezo. Anabweza pafupifupi mawu onse, anauza osewera kuti aziyankhula mwachangu ngati anthu osati ngati akulengeza maliro, anakulitsa siteji kuti ifike pafupi ndi oonerera, ndipo chithunzi chimodzi chikatha china chinkayamba pompo. Mizimu ya m'nkhalango anaipaka golide thupi lonse. Olemba nyuzipepala ena anakwiya, ena anaseka. Koma mukaonera Shakespeare lero, kaya ndi ana asukulu pa mpikisano, ndi njira ya Barker yomwe inapambana, osati ya akalulu.

Kenako nkhondo ya 1914 inabwera, ndipo anakagwirako ntchito ndi Red Cross ku France. Helen anakumana naye ku New York mu 1915. Pofika nthawiyo, kusewera pa siteji anali atasiya kale zaka zingapo m'mbuyomo. Mfundo imeneyi anthu amailumpha dala.

Sindikuti Helen anali mngelo. Sankawakonda anzake a mwamuna wake a ku zisudzo, makamaka Shaw, ndipo ubwenzi wa awiriwo unazilala. Komanso wolakwiridwa weniweni alipo: Lillah McCarthy, mkazi woyamba, katswiri amene anasewera naye ku Court ndi ku Savoy, n'kudzasiyidwa ukwati utatha mu 1918. Pamenepo Barker sindimuikira kumbuyo. Koma kusiya mkazi ndi mlandu wina, kusiya siteji ndi mlandu winanso. Munthu amene wakanizidwa chilolezo, waluza ndalama kangapo, wapempha thandizo zaka khumi osayankhidwa, safunika kukokedwa ndi chingwe kuti achoke. Helen anangomupatsa nyumba yabata ku Devon ndi mpata wolemba, ndipo kuchokera m'menemo munatuluka Prefaces to Shakespeare, mabuku amene owongolera zisudzo akuwerengabe.

Pali china chimene ife a ku Malawi sitingachione ngati nkhani ya kutali. Mphamvu za Lord Chamberlain pa zisudzo zinathetsedwa mu 1968. Chaka chomwecho dziko lathu linakhazikitsa lamulo lake la Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo olemba masewero a m'nthawi ya chipani chimodzi anayamba kupereka zolemba zawo kuti ziunikidwe kaye. Atsamunda akale akutaya chikwanje, ife n'kumatola. Aliyense amene anachitapo zisudzo zaka zimenezo akudziwa kuti choipa kwambiri si mzere womwe wadulidwa, koma mizere yomwe mlembi amasiya kulemba yekha chifukwa akudziwa kale yankho.

Barker sanaiwale ntchito. Mu 1940 anabwera ku holo ya Old Vic ku London kudzathandiza wosewera wotchuka John Gielgud kukonzekera King Lear kwa masiku ochepa chabe, ndipo Gielgud anakamba za masiku amenewo moyo wake wonse. Barker anamwalira ku Paris mu 1946. Masewero ake awiri omaliza, The Secret Life ndi His Majesty, sanawaonepo pa siteji.